Nambala yachitatu ija ya pa mashini a BP imene ambirife timangoidumpha

Mukapita kukayezetsa BP ku kiliniki kapena ku famase, mashini a mabatire aja amatulutsa manambala atatu. Pali ya pamwamba, ya pakati, kenako ina pansi penipeni pomwe amalemba kuti PUL kapena pamakhala kachithunzi ka mtima kakuphethiraphethira. Ife makutu athu amakhala pa awiri oyambawo basi, timafunsa anesi kuti "ili bwanji lero?" akatiuza kuti ili bwino kapena yakwera muchepetse mchere, timatenga kabuku kathu ka kuchipatala nkumapita. Yachitatu ija sitiifunsa nkomwe, ndipo ambiri sitidziwa kuti imanena chani.

Nambala imeneyo ndi kuchuluka kwa maulendo amene mtima wanu ukugunda pa miniti imodzi, ndipo ine ndimaona kuti ndi chinthu chimene munthu aliyense wamkulu akuyenera kuchidziwa pamtima ngati momwe timadziwira nambala ya foni yathu, chifukwa kuyeza kwake ndi kwaulele, sikufuna mashini, sikufuna magetsi, kumangofuna zala ziwiri ndi wotchi kapena foni.

Choyamba tisiyanitse kaye, poti apa mpamene ambiri timasokoneza. BP ndi mphamvu imene magazi akukankhira makoma a mitsempha yanu. Kugunda kwa mtima ndi kuchuluka kwa maulendo amene mtima wafinya magaziwo. Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Munthu akhoza kukhala ndi BP ya 170 pa 100 mtima wake ukugunda bwinobwino ka 66 pa miniti, iye osamva kalikonse, ndipo wina akhoza kukhala ndi BP yabwino kapena yotsika kumene mtima ukuthamanga ka 120. Nde mawu aja timamva kawirikawiri akuti "ine BP yanga ikakwera ndimadziwa, mtima umagunda kwambiri" ndi owopsa ndithu, chifukwa BP yokwera nthawi zambiri sichenjeza. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika kuno ku Malawi mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo sankadziwa kapena sanali pa mankhwala. Choncho zimene ndikambe apazi sizikulowa m'malo mwa kuyezetsa BP ayi, ndi zowonjezera.

Madokotala amati munthu wamkulu akakhala phee, wapuma, sakudwala, mtima wake uzigunda pakati pa 60 ndi 100 pa miniti. Kupitirira 100 amati tachycardia, kutsika pansi pa 60 amati bradycardia. Amayi kawirikawiri nambala yawo imakhala yokwererako pang'ono kuposa abambo. Koma taonani kutalika kwa mpata umenewo, kuchoka pa 60 kukafika pa 100, anthu awiri onse akhoza kuuzidwa kuti muli bwino pamene mitima yawo ikugwira ntchito yosiyana kwambiri. Tangowerengerani nokha. Mtima wogunda ka 60 pa miniti umagunda ka 86,400 pa tsiku, wogunda ka 90 umagunda ka 129,600. Kusiyana kwake ndi 43,200 tsiku lililonse, usana ndi usiku, chaka ndi chaka, osapumira.

Chimachititsa kuti mtima uzigunda ndi kagulu ka maselo kakang'ono kwambiri kamene kali kumtunda kwa chipinda chakumanja cha mtima, amakatcha sinoatrial node. Kamatulutsa kamphamvu ka magetsi kokha, kosadikira kuti ubongo ukauze. Anakatulukira Arthur Keith ndi Martin Flack ku England ndipo analemba za iko mu 1907, ndipo Flack anakaona koyamba mu mtima wa kanyama kokumba pansi kofanana ndi mfuko. Chimene chimandisangalatsa ine ndi chakuti kachinthu kameneka kakasiyidwa pakokha kamathamanga pafupifupi ka 100 pa miniti. Chimene chimakabweza ndi mtsempha wina wonyamula mauthenga ochokera ku ubongo wotchedwa vagus, umene ntchito yake ndi kuugwira mtima kuti ufatse. Ndi chifukwa chake anthu amene anaikidwa mtima wa munthu wina, opaleshoni ija anayamba Christiaan Barnard ku chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town mu 1967, mtima wawo umagunda mothamangirako ngakhale atangokhala, chifukwa pa opaleshoni mitsempha yobweza ija imadulidwa. Nde mukaona nambala yanu ili 62 kapena 68 dziwani kuti thupi lanu lili pa mtendere ndipo vagus akugwira ntchito yake. Ikamangokhala ku ma 90 tsiku ndi tsiku mutangokhala, pali chimene chikulimbana ndi mtendere umenewo, kaya ndi nkhawa, kaya ndi matenda, kaya thupi langofooka chifukwa chosagwiritsidwa ntchito.

Thupi la munthu wamkulu likamapuma limafuna magazi okwana pafupifupi malita 5 pa miniti. Mtima wa munthu wamba umatulutsa pafupifupi mamililita 70 ukagunda kamodzi, nde ukagunda ka 70 malita 5 aja akwana. Zili ngati pa mjigo, mayi wamphamvu amapopa mokoka chogwirira chonse kuchoka kumwamba kufika pansi ndipo ndowa imadzadza iye atapopa maulendo ochepa, pomwe kamwana kamangogwedeza pang'onopang'ono mothamanga, thukuta lili kamukamu, kuti ndowa yomweyo idzadze. Mtima wozolowera ntchito umakhala wamphamvu, umadzadza bwino, umatulutsa magazi ambiri pa ulendo umodzi, choncho sufunika kugunda kambiri. Anthu othamanga mitunda italiitali ndi opalasa njinga za mpikisano nambala yawo imakhala ku ma 40 kapena 50 ali bwinobwino. Miguel Indurain wa ku Spain, amene anapambana mpikisano wa njinga wa Tour de France kasanu motsatizana kuyambira 1991 mpaka 1995, zimanenedwa kuti wake unkagunda ka 28 pa miniti akamapuma. Ife sitikufuna kufika pamenepo, koma musadabwe mnyamata wa kabaza wa njinga yakapalasa kapena anyamata onyamula katundu pa phiri la Mulanje atapezeka ndi 52, kwa iwo ndi chizindikiro cha mphamvu bola ngati sakumva chizungulire kapena kufooka.

Palinso china chimene ambiri sitidziwa. Mtima nawo ndi mnofu, umafuna magazi akeake, ndipo mitsempha imene imaudyetsa imalandira magazi makamaka pa kanthawi kamene mtima wamasuka, pakati pa kugunda kumodzi ndi kwina. Mtima ukamathamanga kanthawi kameneka ndi kamene kamafupika. Nde mtima wothamanga ukugwira ntchito yambiri koma ukupeza nthawi yochepa yodyera. Kwa wachinyamata wa mitsempha yabwino si vuto kwenikweni, koma kwa munthu wa zaka 55 amene ali ndi shuga ndi BP ndipo mitsempha yake inayamba kale kuchepa mkati, imeneyi ndi nkhani yaikulu.

Ku Denmark ofufuza anatsatira abambo pafupifupi 2,800 a mu mzinda wa Copenhagen kwa zaka 16 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2013 mu magazini ya zachipatala yotchedwa Heart. Anapeza kuti poyerekeza ndi abambo amene mtima wawo unkagunda ka 50 kapena kutsika apo, amene anali pakati pa 81 ndi 90 chiopsezo chawo chomwalira m'zaka zimenezo chinali chowirikiza kawiri, ndipo amene anali pamwamba pa 90 chinali chowirikiza katatu, ngakhale ataganizirapo kale za kulimba kwa thupi, fodya ndi zina. Ku Norway nako kafukufuku wa HUNT, amene anatuluka mu 2011 mu magazini ya zachipatala ya JAMA, anayeza anthu kawiri motalikirana zaka pafupifupi 10, ndipo amene nambala yawo inachoka pansi pa 70 nkukwera kupitirira 85 anali pa chiopsezo chachikulu chomwalira ndi matenda a mitsempha ya mtima kuposa amene inakhala pomwepo. Kwa ine wa ku Norway uyu ndi amene ali ndi phunziro lenileni, chifukwa akuonetsa kuti chofunika kwambiri ndi kumene nambala yanu ikulowera pakapita zaka, ndipo simungadziwe kumene ikulowera ngati simukudziwa pamene inayambira.

Koma apa ndichenjeze, chifukwa ndikudziwa pali ena awerenga izi nkuthamangira ku famase kukagula mapilitsi otsitsa kugunda kwa mtima. Chonde ayi. Nambala yokwera nthawi zambiri ndi chizindikiro cha vuto lina, ndipo kungoitsitsa ndi mankhwala sikuchotsa vutolo. Pali mankhwala otchedwa ivabradine amene ntchito yake ndi kungochedwetsa kachinthu ka magetsi kaja. Atawayesa pa anthu amene mtima wawo unafooka kale, mu kafukufuku wa SHIFT wa 2010, anathandiza. Koma atawayesa mu kafukufuku wa SIGNIFY wa 2014 pa anthu a matenda a mitsempha ya mtima amene mtima wawo sunafooke, nambala inatsika ndithu koma imfa ndi matenda sizinachepe. Nde funso labwino mukaona 94 kapena 102 mutangokhala ndi lakuti chikuuthamangitsa nchani.

Ndipo kwathu kuno mayankho ake nthawi zambiri si a mtima weniweniwo. Malungo ali patsogolo, kutentha thupi kulikonse kumakweza kugunda kwa mtima, mwachidule thupi likatentha ndi digiri imodzi mtima umawonjezera pafupifupi 10 pa miniti. Kuchepa kwa magazi ndi kwina, ndipo uku ndi kofala kwambiri kwa amayi amene amataya magazi ambiri pa nthawi ya kumwezi, amayi oyembekezera, ana odwaladwala malungo, komanso anthu a njoka zam'mimba kapena likodzo. Magazi akachepa amanyamula mpweya wochepa nde mtima umathamanga kuti ubweze pamene paperewera, munthu amangotopa, kukwera kachitunda pang'ono wefuwefu, m'makutu mukumveka gu gu gu usiku, iye nkumaganiza kuti ndi BP kapena amulodza pamene kungoyezetsa magazi kukanaonetsa chilungamo chake. Kutha madzi m'thupi nakonso, kaya chifukwa chotsegula m'mimba kapena kugwira ntchito pa dzuwa la Okutobala ku Nsanje ndi Chikwawa osamwa madzi, kumapangitsa mtima kugunda mothamanga koma mofooka, ndipo kwa munthu wotsegula m'mimba kwambiri chimenecho ndi chizindikiro choti mupite naye kuchipatala pompopompo, mukumumwetsa thanzi ORS m'njira. Mimba payokha imakweza nambala ndi 10 mpaka 20 makamaka miyezi yomaliza ndipo zimenezo ndi zachilengedwe. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola muyezo munthu amaonda akudya bwino, manja amanjenjemera, amatuluka thukuta, mtima osafatsa ngakhale ali mtulo.

Kenako pali izi timadzipatsa tokha. Fodya amakweza. Mowa umakweza, ndipo amene amamwa kwambiri Loweruka akadziyeza Lamulungu m'mawa adzaona okha kusiyana kwake. Khofi wambiri, ma energy drink aja achinyamata ndi madalaivala akumwa ngati madzi masiku ano, mankhwala ena a chimfine, ngakhale inhela ya salbutamol ya anthu a mphumu, zonsezi zimauthamangitsa. Kusagona. Nkhawa ya ngongole, ya fizi, ya lendi, ya maliro otsatizana, imene timangoti ndi moyo umenewo koma thupi limawerengera zonse. Ine sinditenga nkhawa ngati nkhani yaing'ono, munthu amene wakhala miyezi akugona maola ochepa mutu uli pa katapila mtima wake umakhala ngati akuthamangitsidwa ngakhale ali pa mpando.

Kayezedwe kake nkosavuta. Nthawi yabwino ndi m'mawa mukangodzuka, musanamwe tiyi, musanayambe kuwerenga mauthenga a pa WhatsApp amene ena mwa iwo amakweza mtima paokha. Ngati ndi masana khalani kaye pansi mphindi zisanu kapena khumi. Tembenuzani dzanja chikhatho chiyang'ane kumwamba, ikani chala cholozera ndi chapakati pa mkono m'munsi mwa chala chachikulu, kanikizani pang'ono mpaka mumve kugunda. Musagwiritse chala chachikulu poti nacho chili ndi kugunda kwake, chikhoza kukusokonezani makamaka mukamayeza munthu wina. Werengani kwa masekondi 30 nkuchulukitsa ndi 2, kapena miniti yonse ngati mukufuna zenizeni. Pakhosi m'mbali mwa kholingo pamamvekanso bwino koma osakanikiza mwamphamvu ndipo osagwira mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, mukhoza kukomoka. Chitani zimenezi masiku angapo muli bwino, lembani mu foni kapena kumapeto kwa kabuku ka kuchipatala, ndipo imeneyo ndiye nambala yanuyanu. Kuyeza kwa ku chipatala kumakonda kukwererako chifukwa mwayenda, mwaima pa mzere, mwinanso muli ndi mantha, nde ya kunyumba ija ndi imene imanena zoona.

Amene muli ndi mawotchi amakono aja owala zobiriwira kunsi kwake, kapena kachipangizo kopana chala kamene kanatchuka nthawi ya Covid-19, zimathandiza ndithu makamaka poona momwe nambala ikusinthira sabata ndi sabata. Koma ndimalimbikitsabe zala, chifukwa zala zimakuuzani chinthu china chimene nambala payokha singakuuzeni, ndicho kakonzedwe ka kugundako. Mtima wabwino umagunda mwadongosolo, mpata wofanana. Kudumpha kamodzi mwa apo ndi apo kumachitika kwa anthu ambiri ndipo nthawi zambiri si koopsa. Koma mukamva kuti ukugunda mwachisawawa, pena mothamanga pena kuima kaye, pena mwamphamvu pena mofooka, popanda dongosolo lililonse kwa miniti yonse, kumeneko kukhoza kukhala kumene madokotala amati atrial fibrillation. Zipinda zakumtunda za mtima zimangonjenjemera m'malo mofinya, magazi amatha kuundana mkatimo, kachibuluma nkupita ku ubongo, munthu nkuchita sitiroko. Vutoli limachulukitsa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu, ndipo pali mankhwala ochepetsa chiopsezocho ngati lapezeka msanga.

Ku Ulaya vuto limeneli ndi la okalamba makamaka, koma kuno limagwiranso achinyamata chifukwa cha matenda a mtima oyamba ndi zilonda zapakhosi. Mwana amadwala pakhosi chifukwa cha bakiteriya wa streptococcus, osalandira penisilini, patapita milungu mfundo za miyendo ndi manja zimatupa nkumawawa, kenako zitseko za mkati mwa mtima zimawonongeka pang'onopang'ono, ndipo vutolo limadzaonekera ali ndi zaka 20 kapena 30, kwa atsikana nthawi zambiri pa mimba yoyamba. Zimandiwawa kwambiri chifukwa ndi matenda opeweka ndi mankhwala otchipa. Nde ngati pakhomo panu pali wachinyamata amene amapuma movutika akagona chagada, miyendo ikutupa, mtima ukugunda mosalongosoka, musadikire. Kuyeza kwa ECG, kumene amamata timawaya pachifuwa nkujambula magetsi a mtima pa pepala, kumachitika m'zipatala zikuluzikulu ngati Queens ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central ndi Mzuzu Central, sikupweteka ndipo kumatenga mphindi zochepa. Yambirani ku chipatala chanu chapafupi akupatseni kalata.

Za ana ndingonena mwachidule kuti musawayeze ndi muyezo wa akuluakulu. Khanda lobadwa kumene mtima wake umagunda pakati pa 100 ndi 160 ndipo zili bwinobwino, nambala imatsika akamakula mpaka kufanana ndi ya akulu akamafika ku unyamata.

Nanga kuitsitsa mwachilengedwe? Yankho lake ndi lodziwika kale, kungoti kulichita nkovuta. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zosachepera mphindi 150 pa sabata, zoti mtima ugundeko mwamphamvu koma mukutha kuyankhula. Kumudzi ambiri amapitirira pamenepo osadziwa nkomwe, kulima, kutunga madzi, kusinja, kuyenda wapansi kupita ku msika. Vuto lili kwa ife a mtauni, kuchoka pabedi kukwera minibasi kapena galimoto, kukhala pa desiki tsiku lonse, nkhomaliro ya chipisi ndi zakumwa za shuga, madzulo pa sofa. Sikuti mpaka mulipire ku jimu ayi. Tsikirani pa siteji ya kutali pang'ono muyende mwandawala mphindi 30, masiku asanu pa sabata, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu ambiri amaona nambala yam'mawa ija yatsikako. Kusiya fodya, kuchepetsa mowa, kugona mokwanira, kuchepetsa thupi ngati lakula kwambiri, zonsezi zimakokera mbali yomweyo. Chimene ndimachikonda ine apa ndi chakuti mumaona umboni ndi zala zanu, pamene sikelo nthawi zina imakhala miyezi osasuntha munthu nkugwa ulesi.

Amene muli pa mankhwala a BP kapena a mtima monga atenolol ndi propranolol, dziwani kuti ntchito yake ina ndi kutsitsa kugunda kwa mtima, nde 56 kapena 58 kwa inu ikhoza kukhala yoyembekezeka. Digoxin nayenso amatsitsa. Musasiye mankhwala amenewa mwadzidzidzi chifukwa choti mwaona nambala yotsika, kuwasiya kamodzinkamodzi kumatha kupangitsa mtima kuthamanga koopsa, kambiranani kaye ndi adokotala kuti asinthe mlingo ngati pakufunika kutero.

Koma nambala yotsika si yabwino nthawi zonse, ndipo apa ndikuganiza za agogo athu. Munthu wa zaka 70 amene sathamanga mpikisano uliwonse akapezeka ndi 38 kapena 42, akumva chizungulire, akufooka, pena akugwa mwadzidzidzi nkudzuka patapita kanthawi, tisamangoti ndi ukalamba kapena sanadye. Kukhoza kukhala kuti magetsi a mtima sakudutsa bwino kuchoka ku zipinda zakumtunda kupita ku zakumunsi, ndipo ena amafunika kachipangizo kothandiza mtima kugunda kotchedwa pacemaker. Chimodzimodzinso munthu aliyense amene mtima wake uli pamwamba pa 100 masiku angapo atangokhala popanda chifukwa chodziwika, akayezetse, amuone malungo, kuchuluka kwa magazi, shuga ndi chithokomiro. Ndipo ngati kuthamanga kapena kuchedwa kwa mtimako kwabwera limodzi ndi kupweteka pachifuwa, kubanika, thukuta lozizira, kukomoka, kapena mayi wangobereka kumene ndipo akutaya magazi, apo musawerengenso masekondi, pezani galimoto, njinga yamoto, chilichonse chimene chilipo, ndipo mukafika auzeni anesi nambala imene munapeza, nthawi imene zinayamba komanso mankhwala onse amene wodwalayo akumwa, kuphatikizapo azitsamba.